Kumanga pa malo a lendi

Ntchito yanga ndi yopangira anthu mawebusaiti. Ondipatsa ntchito si makampani akuluakulu ayi. Ndi eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, eni sukulu za mkaka, matelala, ogulitsa zitsulo za galimoto ku Limbe, amayi ophika makeke a ukwati. Tikagwirizana mtengo, pafupifupi aliyense amafunsa funso limodzi lomweli: "Achimwene, ndikalipira ndalamayi ndiye kuti basi, yakhala yanga?" Ndimayankha kuti ayi, ndipo nkhope imagwa. Ena amaganiza kuti ndapeza njira yowadyera chaka ndi chaka. Koma ayi wangayo ndi woona, ndipo wandikankhira ku funso lomwe ambiri timangolimvera kutchalitchi: kodi munthu ali nacho chinthu chomwe angachitche chakechake? Ngati alibe, azivutikiranji kuchisamala?

Tiyambe ndi momwe zinthu zilili. Webusaiti imaima pa zinthu ziwiri, ndipo zonse ziwiri n'za lendi. Choyamba ndi dzina lake, lomwe pa ntchito timati domain, lija anthu amalemba pa foni kuti akupezeni. Kaundula wa maina othera ndi .com amasungidwa ndi kampani ya Verisign ya ku America, pomwe othera ndi .mw ali m'manja mwa Malawi SDNP ku Blantyre. Malamulo a maina a .com ndi anzake amachokera ku ICANN, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1998. Dzina la .com mukhoza kulilipirira chaka chimodzi, ziwiri, mpaka zaka 10, osapitirira apo. Alipo otsatsa kuti akusungirani dzina kwa zaka 100, koma chomwe akugulitsa ndi lonjezo chabe loti azikulipirirani nthawi ikamakwana, ndipo lonjezolo lidzatha tsiku lomwe kampaniyo idzathe.

Tsiku lolipira likadutsa, webusaiti imazima pamodzi ndi imelo zake. Ogulitsa maina amakudikirirani masiku angapo, osapitirira 45. Kenaka pamabwera masiku 30 oti muliwombole, koma pa mtengo wowawa. Akatha amenewo dzinalo limakhala lotsekeredwa masiku 5, kenaka limaponyedwa poyera kuti aliyense atole. Izi sizisankha wolemera kapena wosauka. Mu Disembala 1999 kampani ya Microsoft sinalipire dzina la passport.com pa nthawi yake, anthu n'kuyamba kulephera kulowa mu Hotmail, mpaka munthu wina wapadera anailipirira madola 35 a m'thumba mwake.

Chachiwiri ndi hosting, malo omwe zithunzi ndi mawu anu amakhala. Ndi kompyuta ya munthu wina, yoyaka usana ndi usiku m'nyumba ina ku Johannesburg, London kapena Frankfurt, ndipo nthawi zambiri mumagawana kompyutayo ndi mawebusaiti ena mazanamazana. Lendi yake yambiri imawerengedwa m'madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinayenda kwa makasitomala mmodzimmodzi kuwafotokozera chifukwa chomwe malo omwewo, osakula ngakhale pang'ono, akwerera mtengo chotero.

Wina anena kuti, si bwino nanga kungokhala pa malo aulere? Aulerewo ndiye a eni kwambiri. GeoCities inali mudzi waukulu wa mawebusaiti a anthu wamba. Yahoo inaigula mu 1999, n'kuitseka mu 2009. Google inkapatsa amalonda ang'onoang'ono timawebusaiti taulere tothera ndi business.site, ndipo inatizimitsa mu Malichi 2024. Madzulo a pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6, ndipo aliyense amene sitolo yake yonse inali mmenemo anangopinda manja. Ngakhale olipira sanapulumuke nthawi zonse: pa 10 Malichi 2021 moto unapsereza nyumba imodzi ya makompyuta a kampani ya OVH ku Strasbourg, m'dziko la France, mawebusaiti mamiliyoni n'kuzima usiku umodzi. Ena mwa makasitomala a kampaniyo anali ndi backup (kope lapadera la zinthu zawo), inde, koma yosungidwa pamalo omwewo, ndipo inapsera limodzi.

Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Pa intaneti fodya yense ali pachala.

Poyamba zimenezi zimamveka ngati vuto la makompyuta lokha. Koma taganizani za puloti yomwe mwamangapo nyumba m'tauni. Ambiri tili ndi lizi ya zaka 99, ndipo chaka chilichonse pali ndalama yolipira ku boma. Malamulo oyendetsera dziko lino amaika nthaka yonse m'manja mwa Dziko la Malawi. Kumudzi nako munda umatchedwa wa uje, koma aliyense amadziwa kuti unadzera kwa amfumu ndi kwa akuluakulu a banja, ndipo ujeyo akapita udzalimidwa ndi wina. Intaneti sinabweretse chachilendo. Yangofupikitsa nthawi. Chomwe pa nthaka chimatenga mibadwo kuti chioneke, pa domain chimaoneka pakatha miyezi 12, ndi imelo yokukumbutsani.

Buku la Levitiko, mutu 25, linakamba zimenezi kalekale. Lamulo la kumeneko linkaletsa kugulitsa munda mpaka kalekale, pa chifukwa chakuti nthaka ndi ya Mulungu ndipo anthu ndi alendo okhala kwa Iye. Chaka cha 50 chilichonse minda inkayenera kubwerera kwa mabanja ake. Chimene chimandigwira mtima ine, munthu wolemba malisiti, ndi kawerengedwe ka mtengo: wogula ankalipira molingana ndi zaka zokolola zomwe zatsala kuti chaka chobwezacho chifike. Zaka zikachuluka mtengo unkakwera, zikachepa unkatsika. Munthu sankagula nthaka, ankagula zaka. Wachibale anali ndi ufulu wowombola munda wa m'bale wake wosauka, ndipo nyumba ya mumzinda wa linga inkatha kuwomboledwa chisanathe chaka. Ndikamalemba pa lisiti kuti "domain, zaka ziwiri", ndimakhala ndikuchita malonda a mtundu womwewo.

Tsono chiphunzitso choti zonse ndi za Mulungu chili ndi ngozi ziwiri, ndipo zonse ndimakumana nazo pa ntchito.

Ngozi yoyamba ndi mphwayi. Munthu akamva kuti chinthu si chake, amachitaya mtima. Bambo wina wogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda nditamufotokozera za lendi ya chaka ndi chaka anati, "Ndiye ndiwonongerenji ndalama pa chinthu choti mawa chikhoza kuzima? Zonse n'zosiya izi." Mawuwa amamveka auzimu, koma kawirikawiri ndi ulesi wovala jekete la Lamulungu. Bambo yemweyo sitolo yake ndi ya lendi, koma amaisesa m'mawa uliwonse, anaikamo mashelefu, analembetsa chikwangwani. Thupi lomwe ali nalo adzalisiya, koma likadwala amathamanga nalo kuchipatala. Palibe amene amakhulupiriradi kuti chosakhalitsa n'chosayenera kusamalidwa. Tikanakhulupirira zimenezo sitikanalera ana, sitikanadzala chimanga, sitikanaphika ndiwo.

Ngozi yachiwiri ndi yoopsa kuposa yoyamba. Mawu oti "si chako" amakoma kwambiri m'kamwa mwa munthu wamphamvu amene akufuna kukulanda. Apa ndi pomwe nkhani ya Naboti, ya pa 1 Mafumu 21, imandithandiza. Mfumu Ahabu inafuna munda wa mpesa wa Naboti ku Yezireeli kuti ilimemo ndiwo zamasamba. Sinayambe ndi kulanda, inapereka mtengo, inaperekanso munda wina wabwino kuposa uja. Naboti anakana chifukwa unali cholowa cha makolo ake. Yezebeli, mkazi wa mfumuyo, anakonza mboni zabodza, Naboti anaponyedwa miyala, ndipo mneneri Eliya anakakumana ndi mfumuyo m'munda momwemo ndi mawu a chiweruzo. Onani bwino apa. Chikhulupiriro chomwe chinkauza Naboti kuti munda si wake woti angaugulitse mwachisawawa ndi chomwechonso chinkauza Ahabu kuti si wake woti angautenge. Nthaka ikakhala ya Mulungu, mfumu nayo ndi mlendo. Chiphunzitsochi chimachepetsa mwini munda pamaso pa Mulungu, koma chimamuteteza pamaso pa anthu anzake.

Ife opanga mawebusaiti tili ndi ka u-Ahabu kathu, ndipo n'kosavuta kukabisa. Kasitomala sadziwa kuti polembetsa domain pali malo olembapo mwini wake. Wopanga webusaiti amalembapo dzina lake ndi imelo yake, ati pofuna kufulumira. Kuyambira tsiku limenelo, m'kaundula mwini wake ndi iyeyo. Makalata okumbutsa kulipira amapita kwa iye. Nambala yachinsinsi yosamutsira dzinalo kwa wogulitsa wina imaperekedwa kwa iye. Mukadzasemphana pa mtengo, akhoza kuzimitsa webusaiti yanu ali pabedi. Mayi wina wa malo ogona alendo ku Mangochi anabwera kwa ine dzina lake litazima. Linali pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu, pa makadi, m'mabuku a alendo akunja omwe ankabwera chaka ndi chaka. Mnyamata amene analilembetsa anali atapita ku Joni n'kusintha nambala. Mnyamatayo mwina sanafune kuba, anangoona kuti zilibe kanthu. Koma zotsatira zake zinali zofanana ndi kuba: dzinalo linatoledwa ndi ena, ndipo amene ankafuna chipinda choyang'ana kunyanja ankakapeza zotsatsa juga. Tinalembetsa lina, mayiwo n'kuyambanso kudziwitsa anthu ngati ayamba kumene malonda.

Chifukwa chake ndimati kwa aliyense wa malonda ang'onoang'ono: inde dzinalo ndi la lendi, koma lendiyo ikhale m'dzina lanu. Imelo yolembetsera ikhale yanu, yomwe mumaitsegula, ndipo isakhale yothera ndi domain yomweyo, chifukwa dzina likazima imeloyo imazima nayo limodzi, makalata okuchenjezani n'kumagwera m'chitsime. Mawu achinsinsi olowera kwa wogulitsa domain ndi kwa a hosting mukhale nawo inu, wopanga webusaiti mumubwereke chabe. Musanalipire mufunseni kuti, "Tikadzasiyana, ndidzatenga chiyani?" Woona mtima amayankha msanga: mafayilo onse, database, zithunzi, mawu achinsinsi. Amene wayamba kuzungulira, mwamudziwa.

Ndipo kwa anzanga a ntchitoyi ndimati, makiyi omwe tagwira si athu. Munthu wosadziwa kusiyana kwa domain ndi hosting ali m'manja mwathu ngati wodwala m'manja mwa dokotala, sangathe kuona ngati tamuchitira chilungamo. Pamalo potero ndi pomwe khalidwe la munthu limaonekera, chifukwa palibe wapolisi amene adzabwere kudzayang'ana dzina lomwe talemba m'kaundula.

Pali chinthu china chomwe amalonda sakonda kuti ndichitchule, ndicho imfa. Mlaliki, pa mutu 2, amadandaula kuti munthu amavutika ndi ntchito moyo wake wonse kenaka n'kusiyira wobwera pambuyo pake, osadziwa ngati adzakhale wanzeru kapena chitsiru. Masiku ano dandaulolo lawonjezeka mbali ina: wobwera pambuyoyo mwina sadzatha n'kulowa komwe. Kale bambo akamwalira, makiyi a sitolo ankapezeka m'thumba la buluku. Lero malonda onse ali kuseri kwa mawu achinsinsi omwe anali m'mutu mwa malemu, ndipo nambala yotsimikizira imatumizidwa ku foni yomwe yatsekedwa. Ndinakhalapo ndi mayi wamasiye ndi mwana wake wamkulu, maliro atangotha kumene, tikuyesa kulowa mu imelo ya bambo awo kuti tilipire dzina la sukulu yawo lisanazime. Tinalowa chifukwa malemuwo, munthu wakale wokonda kope, anali atalemba zonse kumapeto kwa buku la fizi. Tsamba limenelo linali chikondi chenicheni, choposa mawu ambiri omwe ananenedwa pa manda.

Ena amaona kulemba zotere ngati kudziitanira tsoka. Ine ndimakuona ngati kuvomera zoona: ndine wosunga chabe, ndipo wosunga wabwino amakonzeratu za tsiku lopereka. Lembani pa pepala komwe domain inalembetsedwa, tsiku lomwe imatha, komwe kuli hosting, ndi momwe mungalowere. Ikani pepalalo pomwe pamakhala zikalata za nyumba, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe.

Komabe funso la bambo wa mbewu uja silinayankhidwe mokwanira. Kusesa sitolo ya lendi n'kwanzeru malinga ngati mukuyembekeza kugulitsamo mawa. Nanga ngati mukudziwa ndithu kuti chinthucho chidzatha? Mawebusaiti omwe ndinapanga nditangoyamba ntchito, ambiri kulibenso. Ena malonda anagwa, ena eni ake anatopa. Chotsala ndi zithunzi zake zakale mu Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive, lomwe lakhala likusunga masamba a pa intaneti kuyambira 1996, ndipo nazonso zimakhala zoduka, zithunzi zina zosatseguka. Mmisiri womanga nyumba amadutsa pamsewu n'kuloza kuti iyo ndinamanga ine. Ine ndilibe choloza.

Yankho lomwe limandikhazika mtima pansi lili pa Yeremiya 32. Chinali chaka cha 10 cha ufumu wa Zedekiya. Ankhondo a ku Babiloni anali atazinga Yerusalemu, ndipo Yeremiya anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda chifukwa cholosera kuti mzindawo ugwa. Pa nthawi yoteroyo m'bale wake Hanameli anabwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti. Panalibe munthu wodziwa bwino kuposa Yeremiya kuti mundawo ugwera m'manja mwa adani. Anaugula. Ndipo sanagule mwachibwana, ngati munthu wongochita chizindikiro. Anayeza masekeli 17 a siliva pa sikelo, analemba chikalata, anaitana mboni. Zikalata zinali ziwiri, china chomata, china chosamata. Anazipereka kwa Baruki, mlembi wake, pamaso pa anthu, n'kulamula kuti ziikidwe mu mtsuko wadothi kuti zikhale nthawi yaitali.

Munthu ameneyu sankadzinamiza kuti mundawo ndi wake mpaka muyaya, komanso sananene kuti poti zonse n'zosiya, zikalata zilibe ntchito. Anagwira zonse ziwiri pamodzi: kudziwa kuti chinthucho chikhoza kutayika, ndi kuchisamala mpaka pa kadontho komaliza. Kusamalako sikunachokere pa chitsimikizo choti iye adzakolola. Kunachokera pa chikhulupiriro choti m'dzikomo anthu adzagulanso nyumba ndi minda, kaya iye adzakhalapo kaya ayi.

Ndikamauza kasitomala za backup, ndimakhala ndikumuuza za mtsuko umenewo. Zinthu zanu zikhale m'malo atatu: pa webusaiti pomwe, pa kompyuta kapena pa fulashi yanu, ndi kwina kutali komwe moto wa pamalo oyambawo sungafike. Musakhutire ndi mawu a a hosting oti amasunga okha. Afunseni kuti amasungira kuti, ndipo kamodzi pa nthawi yesani kubwezeretsa webusaiti kuchokera ku backup yo, chifukwa yosayesedwa imakhumudwitsa pa tsiku lomwe mukuifuna. Nambala za makasitomala anu, omwe anavomera kuti muziwalembera, zikhalenso m'buku lanu, osati mu Facebook mokha. Zonsezi sizipangitsa webusaiti kukhala yamuyaya. Zimangotanthauza kuti ikagwa, mudzaimanso kwina ndi katundu wanu m'manja.

Nanga chathu chenicheni n'chiti? Dzina ndi la lendi, malo ndi a lendi. Mawu ndi zithunzi ndi zanu mwa lamulo ngati munazipanga nokha kapena munagwirizana bwino ndi wojambula, koma nazo zimakalamba. Ndaganiza za funsoli nthawi yaitali, ndipo chomwe ndapeza n'chakuti chinthu chokhacho chomwe sichilembetsedwa kwa wina ndi zomwe munachita pa nthawi yomwe munali pamalopo. Ngati mtengo womwe munalemba pa webusaiti ndi womwe munalipiritsa munthu atafika. Ngati chithunzi cha chipinda chinali cha chipinda chanu, osati chotola pa intaneti. Ngati munayankha uthenga wa munthu amene anafunsa usiku ali ndi nkhawa. Mayi wa ku Mangochi uja anataya dzina, koma alendo ake akale atamva anamufunafuna mpaka kumupeza pa dzina latsopano, chifukwa chomwe ankafuna sichinali m'kaundula wa Verisign. Amene anatola dzina lija anatenga zilembo zokha.

Ngakhale zimenezo sindinganene kuti n'zathu m'njira yoti tingadzitame nazo, pakuti mphamvu ndi nzeru zochitira chilungamo nazonso tinachita kulandira. Koma ndi zomwe tidzafunsidwe. Sindikhulupirira kuti Mwini zonse adzafunsa telala ngati webusaiti yake inakhala zaka 5 kapena 50. Adzafunsa ngati suti yomwe inalonjezedwa Lachisanu inatuluka Lachisanu, ndipo ine adzandifunsa dzina lomwe ndinalemba pamalo a mwini, tsiku lomwe telalayo sankaona zomwe ndikulemba. Pa chifukwa chimenechi ndimalembetsa domain iliyonse kasitomala ali pambali panga, iye akulemba yekha imelo yake ndi mawu ake achinsinsi, ngakhale zimatenga ola lathunthu ndipo intaneti imaduka pakati.